Lamulo latsopano la ndudu zamagetsi ku Britain: apindule ndani, alire ndani?

Pa 1 June 2025, katundu amene dzulo lake ankagulitsidwa poyera m'masitolo a ku England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland anasanduka mlandu. Katunduyo ndi ndudu zamagetsi zosuta n'kutaya, timachubu tapulasitiki tamitundu yowala ta Elf Bar, Lost Mary ndi makampani ena, tomwe tinkandandalikidwa pafupi ndi polipirira. Kuyambira tsikulo n'koletsedwa kutigulitsa, kaya m'sitolo kaya pa intaneti, kaya muli nikotini kaya mulibe. Ku England wogwidwa koyamba amalandidwa katundu n'kulipira chindapusa cha £200, ndipo wosamva akhoza kukaseweza kundende mpaka zaka ziwiri. Wosuta alibe mlandu, lamuloli likusaka wogulitsa.

Chodabwitsa n'chakuti boma lomweli ndi limene lakhala likuuza anthu osuta fodya kuti ndudu yamagetsi ingawathandize kusiya. Kuti timvetse chimene chachitika, tiyambe tayang'ana m'kati mwa kachubuko.

Nthunzi, osati utsi

Ndudu yamagetsi, yomwe ambiri amangoti vape, inapangidwa mu 2003 ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China, ndipo mpaka lero zambiri zimachokera mumzinda wa Shenzhen. M'kati mwake muli kabatire ka lithium, kawaya kopiringizika ndi kathonje konyowa ndi timadzi. Munthu akakoka mpweya, batire limatenthetsa kawayako, timadzi tija n'kusanduka nthunzi. Timadzito timakhala ndi propylene glycol, glycerine, nikotini ndi zokometsera za fungo la mango, mphesa kapena maswiti.

Kusiyana kwake ndi ndudu wamba kwagona pa moto. Fodya akamayaka amatulutsa mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Phula ndi mpweya wa carbon monoxide zimachokeranso m'motomo. Nikotini ndiye amadzetsa chibaba, koma chimene chimapha osuta ambiri ndi utsi. Mu vape mulibe choyaka, n'chifukwa chake mu 2015 bungwe la Public Health England linanena kuti kuopsa kwake n'kochepa ndi pafupifupi 95 peresenti poyerekeza ndi ndudu. Akatswiri ena anatsutsa chiwerengerochi, koma mfundo yakuti nthunzi ili ndi poizoni wochepa kuposa utsi inakhazikika. Izi sizikutanthauza kuti nthunziyo ndi mpweya wabwino: imakanda pakhosi, imatsokomoletsa, ndipo nikotini amathamangitsa mtima.

Chothandiza kwa wamkulu, msampha kwa mwana

Fodya amapha anthu pafupifupi 80,000 chaka chilichonse ku UK. Mu 2019, kafukufuku wotsogoleredwa ndi Peter Hajek wa ku Queen Mary University of London anatsatira anthu 886 ofuna kusiya kusuta. Patatha chaka, 18 peresenti ya omwe anapatsidwa vape anali atasiyiratu ndudu, pomwe mwa omwe anapatsidwa zomata pakhungu, chingamu cha nikotini ndi zina zotero anasiya 9.9 peresenti. Koma mwa amene anasiya ndi vape, anthu 8 pa 10 alionse anali akuikokabe. Anathawa utsi, chibaba anapita nacho. Mu 2023 boma linalengeza pulogalamu ya Swap to Stop yogawira osuta 1 miliyoni a ku England vape yaulere.

Walira mvula walira matope. Kachubu kotchipa, konunkhira maswiti, kosafuna kutchaja kapena kuthira kanthu, kokwana m'thumba la yunifolomu, kanakopa amene sanali m'mapulani. Malinga ndi bungwe la Action on Smoking and Health, mu 2023 mwana mmodzi mwa asanu alionse azaka 11 mpaka 17 anali atalawapo vape, ngakhale kuti kugulitsa kwa wosakwana zaka 18 n'koletsedwa. Mwa ana omwe ankasuta vape, 69 peresenti ankagwiritsa ntchito zotayazi, pomwe mu 2021 sankafika ndi 8 peresenti yomwe. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka zaka cha m'ma 25, ndipo ukazolowera nikotini udakali wanthete, kumusiya kumavuta kwambiri. Mkulu wa madokotala a boma ku England, Chris Whitty, wakhala akubwereza uthenga umodzi: wosuta ndudu ndi bwino asinthe, wosasuta asayambe, ndipo kunyengerera ana n'kosavomerezeka.

Vuto lina linali zinyalala. Bungwe la Material Focus linapeza kuti mu 2023 timachubu pafupifupi 5 miliyoni tinkatayidwa sabata iliyonse. Kabatire ka lithium kakaphwanyidwa m'galimoto yotola zinyalala kamatha kuyaka, moto n'kugwira mapepala ndi mapulasitiki onse.

Makampani anasintha chikopa

Lamulo likuti vape yololedwa ikhale ndi batire lotchajika, itheke kuwonjezeramo timadzi, ndipo kawaya kake kakhale kosinthika. Makampani akuluakulu sanachedwe. Tsiku loletsa lisanafike n'komwe, m'masitolo munali mutadzaza timachubu tofanana ndi takale, mtundu womwewo, fungo lomwelo, mtengo wosasiyana kwenikweni. Chatsopano ndi kabowo kotchajira kumunsi ndi kamutu kozula n'kuikapo kena. Pamaso pa lamulo kachubu kameneka n'kogwiritsanso ntchito, koma palibe choletsa mnyamata kukaponya m'bini kakatha n'kugula kena.

Malamulo akale nawonso anali ndi mipata. Kuyambira 2016 ndi 2017, nikotini saloledwa kupitirira mamiligalamu 20 pa mililita, thanki isapitirire mamililita 2, ndipo botolo la timadzi ta nikotini lisapitirire mamililita 10. Komabe akuluakulu oyang'anira malonda a Trading Standards akhala akulanda ma vape ozembetsa mamiliyoni, a mathanki aakulu ndi nikotini wopyola muyezo. Mabungwe a amalonda monga UK Vaping Industry Association akhala akuchenjeza kuti kuletsa popanda apolisi a malonda okwanira kumangonenepetsa ogulitsa mobisa. N'zoona kuti akuteteza phindu lawo, koma nkhawayo ili ndi maziko. Katundu wosayezedwa ndiye woopsa zedi: ku America mu 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020 anthu oposa 2,800 anagonekedwa m'zipatala ndipo 68 anamwalira ndi matenda a m'mapapo, makamaka chifukwa cha vitamin E acetate yemwe ankasakanizidwa m'timadzi ta chamba togulidwa m'njira zachinyengo.

Pamene paluma ndi pathumba

Zimene zingasinthedi msika ndi ziwiri. Choyamba ndi msonkho umene nduna ya zachuma Rachel Reeves analengeza mu October 2024: £2.20 pa mamililita 10 alionse kuyambira pa 1 October 2026. Tikawerengera, kamutu ka mamililita 2 kokondedwa ndi achinyamata kakukwera ndi 44p yokha, pomwe botolo la mamililita 100 la timadzi topanda nikotini lomwe amagula munthu wodzithirira yekha likukwera ndi £22, VAT tisanaikepo. Wolemedwa kwambiri ndi munthu wodzithirira yekhayo amene anasiya ndudu zaka zapitazo, pamodzi ndi sitolo yaing'ono imene imamugulitsa. Boma linaona ngoziyi, n'chifukwa chake linakonza zokwezanso msonkho wa fodya tsiku lomwelo kuti ndudu isaoneke yotchipa.

Chachiwiri ndi Tobacco and Vapes Bill, yomwe inalowa m'nyumba ya malamulo mu November 2024. Muli mfundo yakuti aliyense wobadwa kuyambira pa 1 January 2009 asadzagulitsidwe fodya moyo wake wonse, yoletsa kutsatsa vape, yofuna chiphaso kwa ogulitsa, ndi yopatsa nduna mphamvu pa zokometsera, mapaketi ndi kayalidwe m'sitolo. Zokometsera ndiye pali mkangano waukulu, chifukwa fungo la zipatso limene limakopa mwana ndi lomwenso limathandiza akuluakulu ambiri kuiwala kukoma kwa fodya. Malamulo akachuluka, makampani olemera monga British American Tobacco, mwini wa vape ya Vuse, amakwanitsa kulipira maloya ndi zoyezetsa, pomwe ang'onoang'ono amatseka.

Maiko ena asankha njira zawo. Belgium inaletsa zotaya pa 1 January 2025, Australia imalola vape m'mafamase okha, India inaletseratu mu 2019, ndipo South Africa inayamba kudula msonkho pa timadzi mu June 2023. Kwa mlimi wa fodya wa bale ku Kasungu nkhaniyi si yakutali: mu vape mulibe tsamba, muli nikotini wosungunula yekha, ndipo wina amapangidwa m'fakitale popanda munda.

Lamulo la ku Britain lidzayesedwa ndi manambala awiri oyendera limodzi: ana oyamba nikotini achepe, ndipo akuluakulu obwerera ku ndudu asachuluke. Likapambana pa imodzi n'kugwa pa inzake, ndiye kuti ntchito yatheka theka.