Foni Yolozera Njira m'Lole

Ana a ku Matero amawadziwa bwino malole. Tsiku ndi tsiku amawaona akucokera ku mafakitale a ku mseu wa Lumumba, ena atasenza simenti, ena ufa, ena zitsulo, kulinga ku Great North Road. Amene anakwerapo kutsogolo kwa lole yatsopano anaona kuti pafupi ndi ciwongolero pali galasi lowala, lalikulu ngati sileti, limene amalicha sikirini. Pagalasipo pamaoneka mapu ndi kamubvi koyenda m'mapumo, ndipo mau amamveka ouza dalaivala pokhotera. Koma masiku ena kamubviko kamapenga. Kamaima lole ikuyenda, kapena kulumphira pa nyumba za anthu, mwinanso galasi lonse limangoti bii. Tiyeni tione cimene cimacititsa zimenezi, ndi umo dalaivala wanzeru amapezera pamene pali bvuto.

Coyamba tidziwe kuti sikirini siidziwa njira. Mwini nzeru ndiye foni ya dalaivala, ndipo sikirini ingoonetsa zimene foni yaitumizira, monga bolodi la m'kalasi limene silinena kanthu mphunzitsi akapanda kulembapo. Kampani ya Apple inatulutsa njira yolumikizira ziwirizi, yochedwa CarPlay, m'caka ca 2014, ndipo Google inatulutsa yace, Android Auto, mu 2015.

Nanga foniyo idziwa bwanji kuti lole ili pa mseu wa Commonwealth, osati ku Chawama? Kumwamba, pa mtunda wa makilomita 20,200, kuli makina ochedwa masetilaiti, amene amazungulira dziko kawiri pa tsiku. Gulu la masetilaiti a dziko la America alicha GPS. Yoyamba inaponyedwa mu 1978, gulu lonse linakwanira mu 1995, ndipo lero alipo pafupifupi 30. Maiko a Russia, China ndi a ku Ulaya alinso ndi magulu ao, ndipo mafoni ambiri amamvera onsewo.

Setilaiti iri yonse iri ndi koloko yosaphonya, ndipo usana ndi usiku imalengeza dzina lace, malo ace ndi nthawi. Uthengawo umathamanga ngati kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kotero umafika ku Matero sekondi isanathe, pa gawo limodzi mwa magawo 15 a sekondiyo. Munaonapo munthu akudula mtengo patali? Nkhwangwa imatera, koma kugunda kwace mumakumva pambuyo, ndipo akakhala kutali kwambiri kucedwako kumakula. Foni imacita cimodzimodzi. Imayesa kucedwa kwa uthenga, nidziwa kutalika kwa setilaitiyo. Ikamva masetilaiti anai kapena oposa, imawerengera samu nipeza malo amodzi okha amene agwirizana ndi mitunda yonseyo. Foni siyankha kanthu kwa setilaiti, imangomvera basi.

Tsono taonani kubvuta kwa samuyo. Gawani sekondi imodzi m'magawo 1,000,000. Pa kagawo kamodzi kokha uthenga umayenda mamita 300. Ndiye kuti uthenga ukacedwa pang'ono pokha, kamubvi kamasokera. Izi zimacitika uthenga ukayamba wagunda cipupa ca nyumba yaitali kapena malata a fakitale usanafike pa foni. Zimacitikanso foni ikabisika, pakuti uthengawo ndi wofooka, sudutsa bwino pa citsulo. Dalaivala woponya foni m'kabokosi ka citsulo kapena pansi pa mpando asadabwe kamubvi kakaima. Malo ace a foni ndi pafupi ndi galasi la kutsogolo, poonekera thambo.

Pofuna bvuto, dalaivala wodziwa amayamba waima pambali, cifukwa lamulo la pa mseu limaletsa kugwira foni uku ukuyendetsa. Ndipo amacotsa foni nayang'ana mapu pa foni yokhayo. Kuyesa kumeneku ndiko kopambana konse, pakuti kumagawa mlandu pakati. Ngati pa foni kamubvi kali pamalo pace, bvuto liri pa nthambo kapena pa sikirini. Ngati kasokera ndi pomwepo, sikirini iribe mlandu.

Kawirikawiri wopalamula ndiye nthambo. Inu muiona ngati cingwe cimodzi, koma m'kati mwa nthambo wamba muli timawaya tinai: tiwiri totengera moto, tiwiri totengera uthenga. Nthambo zina zochipa za pa msika ziri ndi tiwiri ta moto tokha. Foni imadzaza ndithu, dalaivala nayesa kuti zonse ziri bwino, koma sikirini siilandira kanthu. Ngakhale nthambo yabwino imatha. Lole ikamagwedezeka m'maenje, timawayato timathyoka pang'onopang'ono pafupi ndi mutu, ndipo mapu amazima pa dzenje liri lonse ndi kubweranso. Nthambo yaifupi yolimba iposa yaitali. Pali fumbinso, limene m'cilimwe ca Lusaka silisowa: limadzaza pa kabowo kolowetsa nthambo mpaka mutu sulowa wonse. Limacoka ndi kamtengo kosongoka kouma, foni itazimitsidwa. Singano ndi phini ai, zimaononga.

Cina ndi kutentha. Mwezi wa Okutobala, foni yokhala padzuwa kuseri kwa galasi, ikugwira nchito ndi kudzaza batire nthawi imodzi, imatentha ngati mbale ya pamoto. Pofuna kudzipulumutsa imacepetsa liwiro la nchito yace, ndipo mapu amayenda modukiza. Mankhwala ace ndi mthunzi ndi mphepo, koma mthunzi wosatseka thambo lonse. Batire ikatsala pang'ono, mafoni ambiri amayambanso kuumira moto, namana GPS. Dalaivala aone ngati lamulo losunga batirelo latsekedwa, ndi ngati mapu aloledwa kudziwa malo a foni. Zikakanika zonsezi azimitse foni ndi sikirini, adikire pang'ono, nayatsenso. Ambiri amaseka mankhwala amenewa, koma amaciza kawirikawiri.

Apa pali cinthu cimene ngakhale akulu amasokoneza. Kumvera masetilaiti n'kwaulere, sikufuna bandulo ya MTN, Airtel kapena Zamtel. Koma cithunzi ca miseu cimabwera pa intaneti. Bandulo ikatha, kapena lole ikalowa m'mapiri a ku Great East Road kulinga ku mlatho wa Luangwa, kumene netiweki imasowa m'malo ena, kamubvi kamaoneka kakuyenda pa galasi loyera lopanda mseu. Foni idziwa pamene iri, koma iribe mapu oikapo. Cifukwa cace wa ulendo wa ku Chipata kapena ku Nakonde amayamba wasunga mapu a njira yonse m'foni asanacoke mu Lusaka.

Bvuto lotsiriza silikonzeka ndi nthambo, cifukwa liri m'mapu momwemo. Mapu amalembedwa ndi anthu, ndipo anthu amalemba zimene aziona pa zithunzi zojambulidwa kumwamba. Matero anamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950, nyumba zace ziri m'mizere, ndipo miseu yace siibvuta kulemba. George ndi Kanyama anakula mwa njira yina: anthu anayamba amanga, njira zinatsata pambuyo, zokhotakhota, zambiri zopanda maina. Kucokera kumwamba kanjira ka wilibala kangaoneke ngati mseu. Komanso mapu wamba a m'foni anapangidwira magalimoto ang'ono. Sadziwa kutalika kwa lole, ngakhale kulemera kwa simenti imene yasenza, ndipo angailowetse pakati pa mipanda iwiri pamene siingatembenuke, kapena pansi pa mawaya a magetsi olendewera. Sadziwanso dzinja. Kanyama ali pa cigwa ca thanthwe, madzi sacoka msanga, ndipo mseu umene sikirini iuonetsa woongoka mu Januwale ungakhale dziwe lofika m'maondo. Dalaivala wopita ndi katundu m'komboni amatsata foni kufikira pamene tala yathera. Pamenepo amaimika lole, naturuka, napatsa moni amai ogulitsa tomato pambali, nawafunsa kumene malole anzace amadzera.