Maliro a Nthondo afika m'kalasi ku Mzimba

Ku Mzimba mwana amakula akuona maliro. Ena bambo awo anabwera m'bokosi kuchokera ku Joni, ena anaika mayi awo asanamalize n'komwe pulayimale. Koma akafika ku sekondale, maliro amene amawapeza m'buku la Chichewa ndi a eni ake ena.

Bukulo ndi Nthondo, lomwe analemba Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Linatuluka mu 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ana akhala akuliwerenga pokonzekera mayeso a MSCE. M'nkhanimo Nthondo bambo ake akumwalira iye akadali mwana, akuyamba kuba, akupita kunja kukafuna ntchito, kenaka akubwerera n'kudzakhala mfumu.

Nayi nkhani tsono. Nthondo ndi Mchewa, ndipo kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Kwa Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa zinthu n'zosiyana. Ng'ombe za lobola zikalowa m'khola ndiye kuti mwana ndi wa kuchimuna, ndipo bambo akamwalira osunga anawo ndi abale a bamboyo.

Komanso mwana wa ku Edingeni, Embangweni kapena Luwerezi kunyumba amalankhula Chitumbuka, chija anachichotsa m'sukulu ndi pa wayilesi mu 1968. Ndiye mphunzitsi akangolemba manotsi pa bolodi basi, mwanayo aloweza ngati chinkhwe, mtima uli kwina.

Mphunzitsi wochenjera ayambe ndi funso: "Nanga kwanu zovuta zikagwa mumatani?" Apo ngakhale mwana wamanyazi atsegula pakamwa. Wina anena za ingoma pa maliro a mfumu, wina za chikopa cha ng'ombe chokulungira mtembo wa wamkulu wa Chingoni. Wa ku Embangweni angakumbutse anzake za Donald Fraser, m'busa wa ku Scotland amene anatsegula mishoni ya Loudon mu 1902. Iye anamwalira mu 1933, koma phulusa lake analibweretsa kudzaikidwa konko. Akatha kufotokoza zakwawo, ndi pamene za kwa Nthondo zimamveka.

Anzathu a ku Mexico imfa saibisira ana. Pa 1 ndi 2 November amakumbukira akufa awo ndi maluwa, makandulo ndi zakudya pamanda. Buku la achinyamata la Aiden Thomas, Cemetery Boys, la mu 2020, lakhazikika pa mwambo womwewu pakati pa mabanja a Chilatino ku Los Angeles.

Inu amayi ogulitsa tomato pa Jenda, inu abambo a kaunjika pa Mzimba boma, fizi mwakhala mukulipira ndinu. Madzulo mukawerenga ndalama za tsikulo, muitaneni mwanayo. Muuzeni mmene agogo ake anaikidwira, anasenza ndani, anasunga ana ndani. Zimenezo mu Nthondo mulibe, ndipo tsiku lina wosenza adzakhala iyeyo.