Kutsidya kwa Mchinji, Kumene Odwala Athu Amapeza Abale

Ife a mu Lilongwe tikamva kuti uje wapita kunja kukafuna chithandizo cha mankhwala, maganizo athu amathamangira ku India kapena ku Johannesburg, kumene amafikako okhawo a thumba lolemera ndi owerengeka otumizidwa ndi boma. Komatu kwa munthu wamba, amene amakwera minibasi pa depoti ya ku Old Town moyandikana ndi chipatala cha Bwaila, kunja kumayambira pa chipata cha Mwami, makilomita ngati 120 kuzambwe kwa mzinda uno.

Dziko la Zambia limene lili kutsidyako si lachilendo ayi. Chipata, mzinda umene azungu anautcha Fort Jameson m'masiku omwe Mchinji inali Fort Manning, ndi kwawo kwa Angoni a Mpezeni, amene amavina Ncwala pa Mtenguleni mwezi wa Febuluwale; ndipo mukapitirira mpaka ku Katete mumafika pa Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana mu Ogasiti kukachita Kulamba. Indetu chibale n'fupa, sichiola.

M'dziko limeneli muli zipatala zimene mbiri yake inaoloka malire kalekale. Cha Mwami, chimene a Seventh-day Adventist anachiyamba mu 1927 monga mphukira ya Malamulo ya ku Thyolo, chinasamala akhate m'masiku amene anthu anali kuwathawa, ndipo pambuyo pake chinatchuka ndi ntchito ya maso, kotero kuti nkhalamba zambiri zimene ng'ala inazitsekera mumdima zabwerako zikuyenda popanda wozigwira dzanja. Cha St Francis ku Katete, chimene a Anglican anachikhazikitsa mu 1948, chimadziwika ndi maopaleshoni. Ndipo pa zaka zonse zimene dziko lathu linalibe makina ootchera khansa, ena mwa odwala athu ankapirira msewu wautali wooloka Luangwa kukafika ku Cancer Diseases Hospital ya ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 2007.

Munthu sasiya kwawo ali wodwala popanda chifukwa: wina chipatala cha kutsidya ndicho chili pafupi ndi mudzi wake, wina watopa ndi kudikira, wina wamva kwa mnansi kuti kumeneko anachira. Taonani mayi woperekeza mwamuna wake, kathumba ka ufa pamutu, mbaula ndi mkeka m'manja, ndalama zosintha pa chipata atazimanga pa nsonga ya chitenje. Ameneyu, ngakhale asowe zambiri, sasowa womumasulira, pakuti akanena kuti bambo m'mimba mukuwapota usiku wonse, namwino amamva msanga, nayankha m'chinenero cha kwawo komwe. Wopita ku India chitonthozo chotere sachipeza.

Njirayi si yopita kokha, pakuti a ku Zambia ndi a ku Mozambique nawonso amabwera kudzachiritsa maso ku Nkhoma, ndi kudzagona m'zipatala zathu za m'malire. Chifukwa chake, pamene tikupempha atsogoleri kuti alimbitse zipatala za kwathu kuti ulendo wa wodwala ufupike, tiyeni nafenso, pomuona wodwala wa kutsidya ali pa mzere patsogolo pathu, tisamuwerengere mankhwala monga mlendo wodzatidyera, koma timulandire monga momwe abale ake akhala akulandirira makolo athu.