Mbaula zaulere ku Nyimba ndi Petauke: sikelo ili kwa yani?

Chiyambire chilala cha 2024, nkhani ya moto wophikira siikuthera m'khitchini ayi. Chaka chimenecho madzi atachepa kwambiri ku Kariba, magetsi ankathima mpaka maola 21 pa tsiku, ndipo ngakhale mabanja a pa boma la Petauke amene anazolowera kuphikira magetsi anabwerera ku malasha. Thumba linakwera mtengo. Woyenda pa msewu wa Great East kuchokera pa mlatho wa Luangwa, kudutsa Kacholola mpaka Nyimba, ankadzionera yekha matumba atandandalikidwa m'mbali mwa msewu kudikira malole a ku Lusaka.

Mbaula zosadya nkhuni zambiri zinayamba kugawidwa m'midzi ya kuno chilalacho chisanagwe, koma tsopano ndiye zili pakamwa pa aliyense. Mu Juni 2024 boma la Zambia linasainirana pangano ndi banki ina yaikulu ya mayiko ambiri, loti chigawo cha Kum'mawa chingalandire ndalama zofika madola 30 miliyoni chikachepetsa mpweya woipa ndi matani 3 miliyoni. Pambali pa pangano la bomalo palinso makampani ndi mabungwe amene amagawa mbaula paokha, n'kumagulitsa makirediti a kaboni kunja. Khitchini ya mayi wa kumudzi yalowa pa msika wa dziko lonse lapansi, ndipo eni ake ambiri sanauzidwe bwinobwino kuti chikugulitsidwacho n'chiyani.

Kumudzi wina, kamtunda ndithu pa njinga kuchokera pa msika wa nthochi wa Nyimba, kuli agogo ena amene akulera adzukulu anayi. Khitchini yawo ndi kanyumba kozungulira kofolera udzu, kakhomo kotsika moti mlendo amalowa chowerama. Denga lake m'kati ndi lakuda bii, lonyezimira ndi mwaye wa zaka zambiri, ndipo pa mtanda anapachikapo chimanga cha mbewu, chomangidwa chiwirichiwiri ndi makoko ake. Mbaula ili kudzanja lamanja ukangolowa. Inamangidwa ndi njerwa zosawotcha zimene agogo anaumba okha ndi mdzukulu wawo wamkulu. A pulojekiti anabweretsa zitsulo zokha: kachitsulo kogonekapo nkhuni ndi lata lozinga mphika kuti moto usamwazikire m'mbali. Agogo amaizira ndi dothi lofiira, ndipo pamene panang'aluka mvula itadonthera anamatapo mosamala moti mng'aluwo umaoneka ngati kamzere chabe.

Mbaulayi amaikonda, ndipo sachita kunena kuti mlendo akhulupirire. Pakamwa pake pada, m'kati muli phulusa lofunda. Pofuna kundionetsa, anathyola pa bondo tinthambi touma ta gliricidia wa m'munda mwawo, natisolotsa titatu pa kachitsulo kaja, naikapo zitsononkho ziwiri. Anauzira kamodzi, moto n'kulilima kukwera molunjika pansi pa mphika. Utsi unatuluka pang'ono poyamba, kenako unazilala. Apa ndi pamene amaphikira phala la ana asanapite kusukulu, ndiwo zamasamba zotendera, tiyi ndi nsima ya masana. Akuti mtolo umene kale unkatha msanga tsopano umawafikitsa patali, ndipo mdzukulu wawo wamkazi sakujombanso kusukulu chifukwa chokatola nkhuni kuphiri. Msana wawo nawonso wapumako.

Koma chapafupi pomwepo, pakati penipeni pa khitchini, pali mafuwa atatu. Nawonso ndi ofunda.

Agogo saonapo chachilendo. Nyemba zimafuna chikuni chachikulu choti chizinyeka chokha iwo ali kudimba, pamene mbaula yatsopanoyo imafuna munthu wokhala pambali n'kumasonkhezera tinthambi. Mphika waukulu wa thobwa sukhala pa kabowo kake. Kukagwa maliro, kapena ana a ku Lusaka akabwera ndi mabanja awo, nsima yake ndi ya pa mafuwa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ana amafuna moto woti aothe, awotcherepo mbatata ndi kukazingirapo mtedza, koma njerwa za mbaula zimatsekera kutentha m'kati. Ndiye palinso chimanga chija cha pa mtanda, chimene utsi umachiteteza ku anankafumbwe. Zonsezi ndi nzeru za munthu wodziwa khitchini yake, ndipo wonena kuti agogowa ndi osamva malangizo sanaphikepo nsima ya anthu khumi.

Pa mphuthu ya chitseko anakhomapo kambale kolembedwa nambala. Tsiku lomanga mbaula, mnyamata wa pulojekiti anajambula mbaulayo ndi foni, nalemba malo ake, napereka pepala loti agogo adindepo chala. Pepalalo analisunga m'kapulasitiki pamodzi ndi chitupa chawo ndi makhadi a kusikelo a adzukulu. Ndi lachingerezi lokhalokha. Mawu ake aakulu ndi akuti wolandira mbaula wavomera kuti phindu lonse la mpweya umene mbaulayo ipulumutse likhale la amene anaipereka. Agogo ankadziwa kuti akusainira zoti alandira zitsulo. Zoti asainiranso china, anazimva patapita nthawi kwa mphunzitsi wina amene anawerenga pepala la mnzawo.

Apa ndi pamene pagona mkangano, ndipo m'midzi yambiri ya Nyimba ndi Petauke ukayamba nkhani ya mbaula umathera pomwepa. Kodi mbaulayo ndi mphatso, kapena ndi malipiro a chinthu chimene mayi akugulitsa tsiku ndi tsiku?

Mlimi wachitsanzo wa m'deralo, amene amathandiza kulemba mayina ndi kuphunzitsa kamangidwe, amaona kuti palibe amene waberedwa. Kufotokoza kwake n'kwakuti zitsulo zimagulidwa, galimoto zimamwa mafuta, anyamata oyendera midzi amalipidwa, ndipo ndalama zonsezi zimatuluka kirediti ngakhale imodzi isanagulitsidwe. Wotulutsa ndalamazo ayenera kuzipeza pena pake. Gawo la mayi, akutero, ndi mbaula yosalipira, nthawi yopulumuka ndi maso osalira utsi. Iye mwini amakhulupirira ntchitoyi, ndipo amayenda mitunda pa njinga yake popanda malipiro enieni.

Amayi a m'komiti ya chitukuko ya m'mudzimo amayankha kuti njerwa ndi zawo, dothi ndi lawo, thukuta lomangira ndi lawo, ndipo woyatsa moto m'mawa uliwonse ndi iwo. Mayi akaleka kuyatsa, kirediti palibe. Zitsulo zinabwera kamodzi, koma makirediti amawerengedwa chaka ndi chaka. Amakumbutsanso kuti m'madera a Nyimba a ku chigwa cha Luangwa, ndalama za kusunga nkhalango zakhala zikufika kudzera m'makomiti a anthu, ndipo anthu amaloza mijigo ndi zipinda za sukulu zimene zinatuluka m'ndalamazo. Ngati mtengo woimirira m'nkhalango umabweza kenakake kumudzi, akufunsa, bwanji mtengo wopulumuka chifukwa cha mayi wa m'khitchini? Chimene chimawapweteka kwambiri n'chaching'ono poyerekeza ndi madola aja. Kachitsulo kogonekapo nkhuni kamapsa n'kupindika. M'nyumba zingapo kanatha kale, ndipo nambala ya foni imene anasiyiridwa imangolira.

Ine ndimaona kuti mlimi wachitsanzoyo sakunama, ndipo amayiwo sakupempha zopanda pake. Chimene chikulepheretsa kuti mkanganowu uthe n'chakuti mbali zonse ziwiri zikutsutsana popanda manambala. M'mudzimo mulibe amene angatchule kuchuluka kwa mbaula zolembedwa m'dzina la mudzi wawo, makirediti amene zinabala, kapena mtengo umene anagulitsidwira. Mlimi wa thonje wa ku Petauke salola kuti belo lake likwere pa sikelo iye atayang'ana kumbali. Amaima pomwepo kuona pamene muvi waima. Pa malonda a mbaula, katundu ali m'khitchini mwa mayi koma sikelo ili kutsidya kwa nyanja.

Kirediti imodzi imaimira tani imodzi ya mpweya wa kaboni umene akuti sunapite m'mlengalenga. Mpweyawo palibe amene amautapa n'kuuyeza. Amachita kuwerengetsa: nkhuni zimene banja linkatentha kale, zimene likutentha tsopano, masiku amene mbaula imayatsidwa, ndi gawo la nkhunizo limene limachokera ku mitengo yosaphukanso. Manambala ambiri amachokera pa mafunso ofunsidwa ku mabanja ochepa osankhidwa, kenako yankho lawo limaimira midzi yonse. Tsono taganizani mayi wa Chinsenga amene wayalira mphasa mlendo, mlendo yemwe uja anamubweretsera zitsulo zaulere. Akafunsidwa ngati amaphikira pa mbaula tsiku lililonse, ayankha chiyani? Ulemu wathu womwewu ndi umene umakweza manambala. Agogo aja anafunsidwapo, ndipo anayankha kuti inde, zomwe n'zoona. Za mafuwa sanafunsidwe. Kwina uthenga umatsogola kuti alendo akubwera mawa, ndiye mbaula zimene zinasanduka posungira mapoto zimaziridwa usiku womwewo.

Nkhawa imeneyi si ya kumudzi kokha. Mu Januwale 2024 ofufuza a pa yunivesite ina ku California anatulutsa zotsatira zosonyeza kuti mapulojekiti a mbaula amene anawaunika ankawerengera phindu lawo mochulukitsa pafupifupi kasanu ndi kanayi. Eni mapulojekiti ena anatsutsa kawerengedwe ka ofufuzawo. Mu Okutobala chaka chomwecho, oimira boma pa milandu ku New York anatsegulira mlandu munthu amene kale ankatsogolera kampani ina yaikulu ya makirediti a mbaula, pomuganizira kuti manambala a kafukufuku wa ku Malawi ndi ku Zambia anasinthidwa kuti makirediti achuluke. Iye anakana mlanduwo. Bungwe losunga kaundula wa makirediti linafafaniza makirediti oposa 5 miliyoni a kampaniyo. Nkhaniyi inalembedwa m'manyuzipepala a ku London ndi ku Washington, koma amayi amene makhitchini awo anali m'manambalawo sanaitanidwe pansi pa mtengo kuti auzidwe chimene chachitika. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa msika ukataya chikhulupiriro, woyamba kuluza ndi mayi amene akudikira kachitsulo katsopano.

Malamulo alipo. Lamulo la nkhalango la 2015 linatsegula njira yoti anthu a m'midzi aziyang'anira nkhalango zawo, mu 2021 kunabwera malamulo a kaboni wa m'nkhalango, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la za kusintha kwa nyengo limene mwa zina likuyang'anira malonda a kaboni. Koma lamulo losungidwa ku Lusaka silidziwa kuti kachitsulo ka agogo kapsa.

Zimene amayi a m'komiti aja akufuna sizitenga ndalama zambiri. Akufuna kuti pepala lodindapo chala likhale m'Chinyanja kapena m'Chinsenga, ndipo liwerengedwe mokweza pamaso pa anyakwawa munthu asanadinde. Akufuna kuti kamodzi pa chaka, zokolola zikalowa m'nkhokwe, a pulojekiti abwere pa msonkhano wa mudzi adzanene mbaula zimene alemba, zimene apeza zikugwira ntchito ndi makirediti amene atuluka, kuti anthu avomere kapena atsutse. Mayi mmodzi anawonjezera mfundo imene ndinaiona kuti ndi yanzeru kuposa zonse: kuwerenga mbaula zoyatsidwa kuzichitika ndi amayi a mudzi woyandikana nawo, chifukwa mayi mnzako sungamunamize ndi dothi lozira dzulo. Amangopisa dzanja m'phulusa. Manambala otere angatsike, inde, ndipo makirediti angachepe. Koma adzakhala manambala oti wogula wa kunja angawakhulupirire, ndipo mudzi ungaimepo pofunsa gawo lake. Makomiti a chitukuko a m'mawadi, amene kale akuyang'anira ntchito za ndalama za chitukuko cha m'madera chikwerereni ndalamazo kufika K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, angathe kusunga kaundula wa madandaulo otere popanda kudikira wina wa kunja.

Pobwerera ndinaima pa msika wa Petauke, kumbali kumene amisiri a malata amakhoma zidebe ndi mbaula. Pakati pa mbaula zachizolowezi zoboolaboola pali zina zoikidwa dongo lowotcha m'kati, zimene zimasunga kutentha ndipo sizidya malasha ambiri. Ndi zokwera mtengo kuposa zinzake, ndipo palibe amene amazigawa ulere, komabe amayi a m'makomboni ogulitsa zitumbuwa ndi chimanga chowotcha akuzigula ndithu, ena polipira pang'onopang'ono. Mayi wina anafika ndi yake itang'aluka dongo, naiika pa benchi ya mmisiri amene anamugulitsa, n'kukhala pa chitini kudikira. Mmisiriyo anaitembenuza, anang'ung'udza pang'ono za kuthira madzi pa dongo lotentha, kenako anatenga dongo lina m'katoni n'kuyamba kusintha. Sanamulipiritse.