KAMPHIRI KA M'CHIPULULU CHA NAMIB

Mchikumbi aliyense amaidziwa mphiri, njoka yonenepa ija imene sithawa munthu. Koma ndi ochepa amene adamvapo za kam'bale kake kamene kamakhala m'chipululu cha Namib, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, ku Namibia ndi kummwera kwa Angola. Akatswiri adakatcha Bitis peringueyi m'chaka cha 1888, pofuna kulemekeza Louis Péringuey, katswiri wa tizilombo wa ku Cape Town.

Kanjokaka nkakang'ono ndithu. Kakakula kamangofika masentimita 20 mpaka 25, pamene mphiri yathu imatha kukwana mita yathunthu. Khungu lake limafanana ndi mchenga, ndipo maso ake ali pamwamba pa mutu, osati m'mbali.

Kumene kamakhalako kuli zitunda za mchenga wokhawokha, ndipo m'malo ena chaka chimatha osagwa mvula yokwana mamilimita 25. Nanga madzi kamawapeza bwanji? Madzi a m'nyanja ya kumeneko ndi ozizira, kotero kuti m'mawa nkhungu imalowa kumtunda. Nkhunguyo imasiya timadontho pa mamba a kanjokaka, ndipo iko kamamwa timadonthoto pathupi pake pomwe. Madzi ena kamawapeza m'matupi a abuluzi amene kamadya.

Kasakidwe kake nkodikirira. Kamadzigwedeza pang'onopang'ono mpaka kumira mumchenga, kawirikawiri patsinde pa udzu, nkungosiya maso ndi nsonga ya mchira. Tina timakhala ndi nsonga yakuda imene timaigwedeza ngati mphutsi. Buluzi akabwera kuti atole, kamamuluma nkumugwira mpaka ululu utamfoola.

Poyenda sikakwawa molunjika ayi. Kamadziponya cham'mbali, kotero kuti mbali ziwiri zokha za thupi ndizo zimakhudza pansi nthawi imodzi. Motero sikaterereka pamchenga woseseseka ndiponso sikapsa ndi kutentha kwake. Sikaikira mazira koma kamabereka ana amoyo, cha m'mwezi wa Malichi kapena Epulo, ndipo kawirikawiri sapitirira 10.

Ululu wake umapweteka ndi kutupitsa, koma suli woopsa ngati wa mphiri yathu. Choopsa chili kwa kanjokako, pakuti pali anthu amene amakagwira mobisa nkukagulitsa kunja kwa oweta njoka.

Tsono nkhaniyi ikutikhudza pati ife? Khalidwe la kanjokaka ndi la mtundu wonse wa mphiri: chitetezo chawo ndicho kubisala, osati liwiro. Mphiri ikamva mgugu wa mapazi imangokhala duu, podalira kuti simuiona. Nchifukwa chake imaluma anthu ambiri mu Africa muno, makamaka amene aiponda kapena kuigwira mosadziwa. Ku Namib chobisalamo ndi mchenga. Kwathu kuno ndi mapesi, mikukwe, masangwi a mtedza ndi udzu wa m'mbali mwa njira.

Choncho, achikumbi anzanga, musanapise dzanja mumkukwe yambani mwatokosamo ndi ndodo. Lambulani pozungulira nkhokwe, pakuti mphiri imatsata mbewa ndi makoswe. Poyenda usiku tengani tochi ndipo valani nsapato. Wina akalumidwa musamuteme mphini, musayamwe bala, ndiponso musamange mwendo ndi chingwe. Mugonekeni, mwendo usagwedezeke, ndipo thamangirani naye kuchipatala msanga.