Wa Injini Apatukire Wa Nkhafi

Ife a ku Lifidzi ndife anthu a kumapiri. Timadziwa khasu, ngolo ndi munda wa mbatata, koma ambiri a ife sitidagwirepo nkhafi. Komabe nyanja siili kutali nafe monga timaganizira. Usipa umene timagula pa msika wa ku Ulongwe umachokera ku nyanja ya Malawi, imene kuno ku Mozambique imatchedwa Niassa, ndipo kapenta amachokera ku Cahora Bassa. Amayi ena amatsikira ku Salima kukagula nsomba za malonda, ana athu ena amagwira ntchito pa madzi, ndipo achinyamata amakonza maulendo okaona nyanja ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear. Tsiku lina wina wa m'nyumba mwathu adzakwera boti. N'chifukwa chake tifuna tikambirane za ngozi imene imadza pamene boti laliwiro liyenda m'madzi amodzi ndi mabwato oyenda pang'onopang'ono.

Madzi amodzi, mayendedwe osiyana

Pa nyanja ya Malawi pamayenda bwato losema la msodzi wopalasa ndi nkhafi. Pamayendanso ngalawa za matanga, monga zimene zimaolotsa anthu ndi katundu pakati pa chilumba cha Likoma ndi Cóbuè. Usiku asodzi a usipa amayatsa nyali ndi kutchera khoka la chilimira. Pakati pa onsewa pamadutsa maboti a injini zamphamvu, ena onyamula alendo a m'mahotela, ena a malonda.

Ngalawa ya thanga siyenda monga mwini wake afunira. Imadalira mphepo. Mphepo ikaleka, ngalawa imangoyandama. Ikafuna kupita kumene mphepo ikuchokera, imayenda mokhotakhota, ndipo munthu wosadziwa angaganize kuti woyendetsa wasokera. Mwera ukamaomba m'miyezi yozizira, woyendetsa amakhala akulimbana ndi thanga ndi mafunde, sangathe kupatuka msanga. Wa bwato losema ndiye ali pa vuto lalikulu, pakuti bwato lake ndi lalifupi ndipo limabisika pakati pa mafunde.

Liwiro limadya nthawi

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Boti lothamanga makilomita 50 pa ola limayenda pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi. Ngati woyendetsa waona bwato lili pa mtunda wa mamita 100, watsala ndi masekondi 7 okha kuti aganize, akhote ndi kuchepetsa liwiro. Boti lilibe mabuleki ngati galimoto. Komanso likamayamba kuthamanga limatukula mphuno yake, kotero kuti woyendetsa saona bwino zimene zili patsogolo pake penipeni.

Ngozi siili pa kugundana kokha. Mafunde amene boti limasiya m'mbuyo akhoza kugubuduza bwato lodzaza nsomba, mwini boti n'kupitirira osadziwa kuti wasiya anthu m'madzi. Injini ili ndi mapeni ozungulira pansi pa madzi amene amadula ukonde, ndiponso amatema munthu wosambira. Ukonde umodzi wodulidwa ndi chuma chimene banja lidasonkhanitsa kwa zaka.

Zimene malamulo amanena

Mu 1972 mayiko adagwirizana ku London, kudzera m'bungwe limene lero limatchedwa International Maritime Organization, pa malamulo opewera kugundana kwa zombo, ndipo adayamba kugwira ntchito mu 1977. Adalembedwera nyanja zikuluzikulu za mchere, koma nzeru yake ndi yothandiza pa madzi alionse. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: chombo cha injini chipatukire ngalawa ya thanga ndi ngalawa imene ili pa ntchito yosodza. Amene ali ndi mphamvu yokhota ndi kuima ndiye ayenera kupereka njira. Amene akupitirira mnzake kuchokera m'mbuyo, udindo wopewa ngozi ndi wake. Maboti awiri a injini akakumana maso ndi maso, lililonse likhotere ku dzanja lamanja. Woyendetsa aliyense akhale tcheru ndi maso ndi makutu, ndipo ayende pa liwiro loti angathe kuima bwino malinga ndi mdima, mphepo ndi kuchuluka kwa mabwato.

Wa nkhafi nayenso ali ndi mbali yake. Usiku akhale ndi tochi kapena nyali ya kuwala koyera, aionetse nthawi ikadalipo. Asadutse kutsogolo kwa sitima yaikulu ngati Ilala, imene idayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951, pakuti sitima yolemera chotere siingaime msanga.

Vuto limeneli si la kuno kokha. Ku England, pa nyanja ya Windermere, padali mkangano wa zaka zambiri pakati pa okonda maboti aliwiro ndi anthu a matanga, opalasa ndi osambira. Mu 2005 akuluakulu adayamba kukhwimitsa lamulo lakuti maboti a injini aziyenda pa liwiro losafika makilomita 20 pa ola. Ena adadandaula kuti malonda awo aonongeka, koma lamulo lidakhazikika.

Mbali ya ife okwera

Wina anganene kuti, “Ine sindiyendetsa boti, nanga zimenezi zikundikhudza bwanji?” Zikutikhudza chifukwa nthawi zambiri woyendetsa amathamanga pofuna kusangalatsa okwera. Achinyamata akamakuwa ndi kuomba m'manja, iye amaonjezera moto. Ndalama ndi yathu, tsono mawu athu ali ndi mphamvu.

Atsogoleri a ulendo afunse za majekete oyandamitsa asanalipire, ndipo aliyense avale lake, makamaka ife a kumapiri amene sitidziwa kusambira. Awerenge anthu, akane kudzaza boti mopitirira muyeso. Woyendetsa akamanunkha mowa, ulendo ulekeke. Aonenso ngati wamanga pa mkono kapena pa mwendo kachingwe kamene kamazimitsa injini iye akagwera m'madzi. Pafupi ndi gombe, pamene amayi akuchapa ndi ana akusambira, ndiponso pafupi ndi mabwato a asodzi, timuuze mwaulemu kuti, “Achimwene, chepetsani liwiro.” Tisachite manyazi.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Msodzi amene ali m'bwato losema lija ali ndi mkazi ndi ana omudikira pa gombe, monga ifenso tili ndi otidikira kuno ku Lifidzi. Ndiye amene amatipezera ndiwo. Mphindi zochepa zimene tingataye pomulambalala pang'onopang'ono sizingafanane ndi moyo wake. Tikadzafika ku nyanja, tidzakumbukire kuti mlendo ndife, ndipo mlendo sathamanga pabwalo la eni mudzi.