Musanakweze galimoto, dziwani zomwe chiphaso chimatsimikiza

Galimoto zambiri zochokera ku Japan zikafika m'dziko muno sizikhalitsa zisanapite kugalaja kukakwezedwa. Chifukwa chake n'chodziwika: zinapangidwira misewu yosalala, choncho zimakhula pansi zikakumana ndi mahampu, maenje ndi misewu yafumbi ya m'makwalala a ku Ndirande kapena Area 25.

Amakaniko amaika masipesa pamwamba pa mashoko, ena amasintha masipuling'i, ndipo eni mapikapu amawonjezera chitsulo pa masipuling'i akumbuyo. Ntchito ikatha mwini galimoto amanyamuka wokondwa. Funso lomwe ambiri safunsa n'lakuti: kodi chiphaso chomwe chili pagalasi chikunenabe za galimoto imeneyi?

Mashoko, masipuling'i ndi zitsulo za chiwongolero zimagwira ntchito mogwirizana, pa miyeso yomwe kampani yopanga galimoto inayesa. Thupi la galimoto likakwera, zitsulo zogwira matayala zimapendekeka. Ma ball joint ndi ma tie rod end amayamba kugwira ntchito mokakamizika, ma CV joint amatha msanga, ndipo matayala amadyekera mbali imodzi. Kulemera kwa galimoto kumakweranso m'mwamba, moti pokhota mwaliwiro imapendama kwambiri kuposa kale. Nyali nazo zimasiya kuloza pomwe ziyenera kuloza.

Choopsa kwambiri ndi kuwotcherera. Chitsulo cha chiwongolero chikapsa ndi moto chimataya kulimba kwake, ndipo chingathe kuduka osapereka chizindikiro. Tie rod ikaduka galimoto ili paliwiro, tayala limaloza komwe lafuna, dalaivala n'kutsala ndi chiwongolero chopanda ntchito m'manja. N'chifukwa chake ku Britain galimoto yomwe zitsulo zake za chiwongolero zinalumikizidwa powotcherera imalephera mayeso a chaka ndi chaka otchedwa MOT.

Dziko lomwe linaika ndondomeko yomveka bwino pa nkhaniyi ndi Germany. Kumeneko, ndime 19 ya malamulo a galimoto otchedwa StVZO imati chilolezo choyendera pamsewu chimatha mphamvu ngati galimoto yasinthidwa m'njira yomwe ingaike anthu pangozi. Kuti chisathe, mwini galimoto ali ndi njira zitatu.

Njira yoyamba ndi kugula chipangizo chomwe chinavomerezedwa kale ndi bungwe la boma la KBA, lomwe likulu lake lili ku Flensburg. Chipangizo chotere chimabwera ndi chikalata chotchula mitundu ya galimoto zomwe chingaikidwemo. Galimoto yomwe siyikupezeka pa mndandandawo siyiloledwa, ngakhale chipangizocho chitalowa bwino.

Njira yachiwiri ndi ya zipangizo zomwe zinayesedwa, koma chitetezo chake chimadalira momwe zamangidwira. Zikangomangidwa, galimoto imapita kwa akatswiri a mabungwe oyeza monga TÜV kapena DEKRA. Iwo amaona ngati nambala za pachipangizo zikufanana ndi za pachikalata, amayeza msinkhu wa galimoto, amapotoza chiwongolero mbali zonse kuti aone ngati tayala silikukhula thupi, komanso amaona ngati mapaipi a mabuleki sakukokeka.

Njira yachitatu, ya pa ndime 21, ndi ya chipangizo chopanda chikalata choyenera. Katswiri amayeza galimoto imodziyo payokha, ndipo mwini wake ayenera kupereka umboni wa kulimba kwa chitsulocho. Njirayi ndi yodula, ndipo chitsulo chosadziwika komwe chinapangidwa chimakanidwa.

Pa njira zonsezi mafunso ndi atatu: chipangizocho n'cholimba, n'choyenera galimoto imeneyi, ndipo chamangidwa bwino?

Ku Malawi, chomwe chimatsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera pamsewu ndi chiphaso cha COF, chomwe chili m'manja mwa nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS, potsatira lamulo la Road Traffic Act la 1997. Poyeza amaona mabuleki, nyali, matayala, chiwongolero ndi mashoko. Koma COF imanena za momwe galimoto inalili tsiku lomwe inayezedwa. Munthu akatenga chiphaso Lolemba n'kukweza galimoto Lachisanu, pepala la pagalasi likuchitira umboni galimoto yomwe kulibenso.

Eni mapikapu ndi maminibasi ayeneranso kudziwa kuti kuwonjezera chitsulo pa masipuling'i sikuwonjezera katundu wololedwa. Galimoto imangooneka yowongoka, koma mabuleki, matayala ndi ekiselo ndi zomwe zija, ndipo malire a kulemera amakhala omwe kampani yopanga galimotoyo inalemba.

Palinso nkhani ya inshulansi. Mgwirizano wa inshulansi umadalira kuti mwini galimoto waulula zonse zokhudza chiopsezo. Ngozi ikachitika, ofufuza n'kupeza zitsulo zosinthidwa zomwe kampani sinauzidwe, ikhoza kukana kulipira zowonongeka.

Wofuna kukweza galimoto ayambe wafunsa ku Road Traffic ngati kusinthako n'kololedwa. Agule zipangizo zokhala ndi dzina la kampani ndi nambala, zopangidwira mtundu wa galimoto yake, ndipo asunge malisiti. Akane kudula masipuling'i, kuwatenthetsa pamoto kapena kuwotcherera chitsulo chilichonse cha chiwongolero. Ntchito ikatha achititse alignment, akonzetse nyali, adziwitse a inshulansi mwa kalata, kenako akayezetsenso galimoto n'kuuza woyezayo zomwe zasinthidwa.

Nthawi zina njira yabwino ndi yosavuta: masipuling'i ndi mashoko akale amakhala atafooka, ndipo kungoikamo atsopano ofanana ndi oyamba kumabwezera galimoto pa msinkhu wake, popanda kusintha chilichonse chomwe chinavomerezedwa.